Chipolopolo Sichisochera

M'mwezi wa Disembala chaka cha 2001, ophunzira a pa Chancellor College ku Zomba, pamene lero tikungoti University of Malawi, adatuluka m'makalasi ndi kulowa mumsewu. Zimene zidawatulutsa zidali ziwiri. Choyamba chidali imfa ya woimba nyimbo za rege, Evison Matafale wa ku Chileka, amene adamwalira ali m'manja mwa apolisi pa 27 Novembala chaka chomwecho. Adamugwira chifukwa cha kalata imene adalemba yodzudzula boma la a Bakili Muluzi, ndipo pomugwirapo n'kuti akudwala kale. Chachiwiri chidali kukwera mtengo kwa zinthu. Amene adali akuluakulu nthawi imeneyo akukumbukira kuti chimanga cha m'nkhokwe za boma chidali chitagulitsidwa, mtengo wake pamsika unkangokwerakwera, ndipo pofika Febuluwale 2002 boma lidavomera poyera kuti m'dziko muno mwagwa njala yoopsa. Apolisi adabwera kudzabalalitsa ophunzirawo, ndipo mfuti zawo zidali ndi zipolopolo zenizeni. Mmodzi mwa ophunzirawo, Fanikiso Phiri, adalasidwa ndipo adamwalira.

Ife amene tili ku seminale yaing'ono lero tidabadwa zonsezi zitapita kale. Dzina la Hector Pieterson timalidziwa, chifukwa chaka ndi chaka pa 16 Juni pamakhala Tsiku la Mwana wa mu Africa, ndipo aphunzitsi amatisimbira za ana asukulu a ku Soweto amene apolisi adawaombera mu 1976 pamene ankakana kuphunzitsidwa m'chiyankhulo cha Afrikaans. Chithunzi cha kamnyamata ka zaka 12 kaja, katanyamulidwa m'manja, mlongo wake akuthamanga pambali, ambiri tidachiona m'mabuku. Koma tchulani dzina la Fanikiso pakati pa anyamata a msinkhu wanga, muona akungoyang'anana. Wa ku South Africa tikumudziwa, wa pa Zomba pompa ayi. Sindikunena kuti tisiye kukumbukira Hector. Ndikungoona kuti n'kosavuta kulira mwana amene adaphedwa kutali ndi boma latsankho la azungu, kusiyana ndi kulira mwana amene mfuti yomuphera idagulidwa ndi msonkho wa makolo athu omwe.

Okondedwa awerengi, ife Amalawi tili ndi kayankhulidwe kathu imfa yotere ikachitika. Timati "adaomberedwa," ngati kuti kuombera kumangogwa kokha monga mvula. Timati "chidali chipolopolo chosochera." Timati "idali ngozi," kapena "lidali tsiku lake." Mawu onsewa amagwira ntchito imodzi: amachotsa wamoyo m'nkhaniyo n'kusiyamo mtembo wokha. Mbuzi imasochera chifukwa ili ndi miyendo ndi nzeru zake. Chipolopolo chilibe miyendo. Chimapita kumene mfuti yaloza, ndipo mfuti imaloza kumene munthu wailozetsa. Chisadafike pathupi la wophunzira, chimayenda ulendo wautali wodutsa m'manja mwa anthu. Alipo amene adavomereza kuti apolisi opita ku zionetsero za ana asukulu atenge zipolopolo zenizeni. Alipo amene adatsekula chipinda chosungiramo zida n'kuzipereka. Alipo amene adaziika mumfuti, alipo amene adalamula kuti aombere kapena adangoyang'ana osaletsa, ndipo pomalizira pali chala chimene chidakoka. Aliyense wa anthu amenewa ali ndi dzina, ali ndi nambala ya ntchito, ali ndi mudzi ndi mfumu yake. Mwina ena mwa iwo adabatizidwa ndi madzi omwe tidabatizidwa nawo ife.

Lamulo pankhani imeneyi si lovuta, moti ngakhale ife a sekondale timalimva. Malamulo oyendetsera dziko amene tidalandira mu 1994 amanena pa ndime 16 kuti munthu aliyense ali ndi ufulu wokhala ndi moyo, ndipo wina asamulande moyowo mwachisawawa. Ndime 38 imapatsa aliyense ufulu wosonkhana ndi kuchita zionetsero pamodzi ndi anzake, mwamtendere ndi popanda zida. Kunja kwa dziko lino, msonkhano wa bungwe la United Nations umene udachitikira ku Havana mu 1990 udagwirizana mfundo za momwe apolisi ayenera kugwiritsira ntchito mphamvu ndi mfuti. Mfundo yake yaikulu ndi yakuti kuombera kumene kungaphe n'kololedwa pokhapokha ngati palibenso njira ina yopulumutsira moyo wa munthu. Akuti moyo wa munthu, osati galasi la galimoto, osati chitseko cha sitolo, osatinso ulemu wa bwana amene wanyozedwa m'nyimbo za ophunzira. N'chifukwa chake apolisi amapatsidwa zishango, zipewa zolimba, zibonga ndi utsi wokhetsa misozi, ndipo amapita ku sukulu yawo ku Kanjedza kukaphunzira kuugwira mtima pamene anthu wamba autaya. Ngati yankho la gulu la achinyamata okwiya ndi kuwaombera, ndiye kuti maphunziro onsewo ndi ndalama zotaya.

Mpingo nawonso sudanenepo kuti wapolisi asagwire mfuti. Katekisimu wathu amavomereza kuti amene ali ndi udindo woteteza miyoyo ya ena akhoza kubweza wachiwembu ngakhale ndi zida. Koma Katekisimu yemweyo amabwereza chiphunzitso cha Tomasi Woyera wa ku Aquino chakuti wodziteteza akapyola muyeso wofunika, zimene wachitazo sizikhalanso zololedwa.

Tsopano ndifike pa mawu amene ndimawamva kawirikawiri nkhani zotere zikamakambidwa pakhonde nthawi ya tchuthi. Akuluakulu amati, "Akadakhala m'kalasi sakadafa. Makolo adamutuma kukaphunzira, osati kukaguba mumsewu." Onena mawuwa si anthu ouma mtima, ndipo sindikufuna kuwanyoza. Ndi makolo amene adagulitsa fodya, mbuzi, mwina ndi njinga yomwe, kuti mwana afike pamene wafikapo. Mu 2001 malo a m'sukulu zaukachenjede za boma adali ochepa kwambiri, poti padali University of Malawi ndi Mzuzu University imene idali itangotsekulidwa kumene. Mwana mmodzi akasankhidwa, ankakhala diso la banja lonse, ndipo azing'ono ake ankayembekezera kuti fizi yawo idzachokera kwa iyeyo. Mayi akamauza mwana wotere kuti "zikavuta usamakhale patsogolo," akuyankhula chikondi chenicheni, ndipo mwana wanzeru ayenera kumvera ndi makutu onse awiri. Koma mawu omwewo akanenedwa mwanayo ali kale m'manda sakhalanso malangizo. Amasanduka chigamulo. Mlandu umachoka kwa amene adaombera n'kugwera amene adaomberedwa, munthu amene sangathenso kuimirira kuti adziyankhire. Makolo anga okondedwa, kodi mwana akapita kumadzi amene mudamuletsa, munthu wina n'kukamumiza dala, mudzati mlandu watha chifukwa mwanayo sadamvere?

Chodabwitsa n'chakuti mawu amenewa sitiwanena kwa onse. Pa 3 Marichi dziko lonse limapuma kukumbukira anthu amene adafera ufulu. Tsiku limenelo mu 1959, anthu a ku Nkhata Bay adasonkhana padoko pamene abale awo omangidwa adawatsekera m'sitima ya Mpasa, asilikali a boma la atsamunda n'kuwaombera, ndipo adafa anthu osachepera 20. Sindidamvepo munthu akunena kuti akadakhala kumunda sakadafa. Timawaikira nkhata zamaluwa.

Ife Akatolika ndiye tiyenera kusamala koposa, chifukwa tili ndi ngongole kwa ophunzira oguba mumsewu. Pa 8 Marichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, kalata ya maepiskopi athu idawerengedwa m'matchalitchi m'dziko lonse lino. Idadzudzula kumanga anthu popanda kuwazenga mlandu, kusiyana kwakukulu kwa olemera ndi osauka, ndi mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Boma la chipani chimodzi lidati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kudasanduka mlandu. Apolisi adaitanitsa maepiskopi ku Blantyre n'kuwapanikiza ndi mafunso kwa maola ambiri. Nyumba yosindikizira mabuku ya a Montfort ku Balaka idatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adapirikitsidwa m'dziko muno. Pamene akuluakulu ambiri ankangonong'onezana m'nyumba, amene adayamba kutuluka poyera kuikira kumbuyo maepiskopi adali ophunzira a pa Chancellor College yomweyi, kenaka anzawo a ku Polytechnic ku Blantyre. Koleji idatsekedwa, ophunzira adabwezedwa kwawo. Nawonso adali ndi makolo amene adawatuma kukaphunzira. Patapita miyezi 15 yokha, pa 14 Juni 1993, Amalawi adaponya voti ya riferendamu n'kusankha zipani zambiri. Lero tikamanyadira kalata imene ija pa maulaliki, tisaiwale amene adaitsatira ndi mapazi awo. Chowawa n'chakuti Fanikiso sadafe m'nthawi ya chipani chimodzi. Adafa pansi pa ulamuliro wa matipate umene akulu ake a pakoleji yomweyo adathandiza kubweretsa, patangopita zaka 7 chilembereni malamulo olonjeza ufulu wochita zionetsero.

Wina adzati ndikulemba ngati kuti ophunzira ndi angelo. Ayi ndithu. Ndine wophunzira, ndipo ndikudziwa zimene anyamata timachita tikakhala pagulu. Pa zionetsero zambiri m'dziko muno miyala imaponyedwa, magalimoto a anthu osalakwa amaimitsidwa, ena amabwera ataledzera, ndipo akuba amalowererapo n'kuthyola masitolo a amwenye ndi timagolosale ta anthu osauka omwe. Zimenezi ndi milandu. Woswa galasi agwidwe, wakuba amangidwe unyolo, akaonekere pamaso pa woweruza. Koma palibe bwalo la milandu m'Malawi muno limene lingagamule kuti woswa galasi aphedwe. Komanso chibwerere ndale za zipani zambiri mu 1994, palibe mtsogoleri wa dziko amene adasainira kuti munthu anyongedwe. Ngakhale amene bwalo lidawapeza olakwa pa mlandu wakupha sadapachikidwe. Ndende yaikulu imene ankanyongerako anthu ili mu Zomba momwemo. Taganizani: m'tauni imodzi, wopha munthu amene mlandu wake udazengedwa, mboni n'kuperekera umboni, akusungidwa ndi moyo, pamene kunja kwa mpanda wophunzira amene sadaonekerepo pamaso pa woweruza akulandira chilango chachikulu koposa zonse pakanthawi kochepa. Wozenga mlandu, woweruza ndi wonyonga akukhala munthu mmodzi, ndipo apilo palibe.

Sindikuiwala kuti wapolisi naye ndi munthu. Ambiri a ife tili ndi achibale ovala yunifolomu imeneyi, ndipo tikudziwa timanyumba ta kulayini mmene amakhala mothithikana, ndi malipiro amene safika pakati pa mwezi. Ndi wapolisi yemweyo amene timamuthamangira usiku akuba akatithyolera nyumba. Pa 8 Okotobala 2019, kwa Msundwe ku Lilongwe, gulu la anthu lidagenda wapolisi, Usumani Imedi, mpaka kumupha. Kumeneko kudali kupha munthu, ndipo magazi ake salemera mocheperapo kuposa a wophunzira. Kapolisi kachinyamata kamene kaima kutsogolo kwa gulu lofuula, miyala ikuuluka, kamachita mantha enieni. Koma mfundo imeneyi, m'malo mochepetsa mlandu, ikungoukweza pamwamba. Kodi ndani amapereka zipolopolo zenizeni kwa mnyamata wamantha n'kumuimika maso ndi maso ndi anyamata anzake? Bwana amene amatero, iye ali muofesi, ndiye woyamba kufunsidwa. Ndipo zimene zidatsatira kwa Msundwe zikuonetsa kumene mkwiyo wa anthu a mfuti umafika ngati akudziwa kuti palibe adzawafunse. Apolisi adalowa m'midzi ya kwa Msundwe, Mpingu ndi M'bwatalika, amayi ndi atsikana adachitidwa zachipongwe, mpaka mu 2020 Bwalo Lalikulu lidalamula kuti 18 mwa iwo apatsidwe chipukuta misozi. Amayi amenewo ndiye adali pakhomo, monga momwe malangizo aja amanenera. Chimodzimodzi Epiphania Bonjesi, kamtsikana kakang'ono ka ku Chilobwe ku Blantyre kamene kadafa ndi chipolopolo cha apolisi pa chipwirikiti chotsatira chisankho cha mu Meyi 2004. Iyeyo sadali mtsogoleri wa zionetsero. Adali mwana basi.

Pali mawu ena amene amandivuta kuposa onse, chifukwa amachokera kwa ife a kutchalitchi. Pamaliro timakonda kunena kuti chidali chifuniro cha Mulungu, Mulungu wapereka, Mulungu watenga. Ndikudziwa kuti olalika amafuna kutonthoza ofedwa, ndipo pa imfa ya nkhalamba imene yadya zaka zake mawuwa ali ndi malo. Koma pa bokosi la mnyamata amene ali ndi bala la mfuti, kodi sitikumunamizira Mulungu? Mulungu amene adapereka lamulo lachisanu sangakhalenso amene adafuna kuti lamulolo liswedwe. Akalola choipa sindiye kuti wachifuna, zimenezi tidaphunzira tikukonzekera Ukaristia woyamba.

Nkhani ya Davide ndi Uriya m'buku lachiwiri la Samueli imandithandiza pamenepa. Davide sadagwire lupanga. Adangolemba kalata kwa mkulu wa asilikali kuti Uriya amuike pamalo oopsa, anzake n'kumuthawa. Uriya adafa ndi zida za adani, ndipo kwa aliyense woona idali imfa ya kunkhondo monga imfa zina zonse. Uthenga utafika, Davide adatumiza mawu otonthoza mkulu wa asilikaliyo kuti asadandaule, poti nkhondo ndi mmene imakhalira, lero uyu mawa uyo. Kodi si chipolopolo chosochera chimenechi? Nkhaniyo ikadathera pomwepo, maliro n'kuliridwa, mkazi wamasiye n'kulowa kunyumba yachifumu. Koma Mulungu sadavomere kuti imfayo ikhale yopanda mwini. Adatuma mneneri Natani, amene sadapite kukatonthoza mfumu koma kukailoza chala pamaso. Ndipo taonani kuti kulozedwa chala kumeneko ndi kumene kudapulumutsa Davide, chifukwa kulapa kwake kudayambira pomwepo. Munthu sangalape tchimo limene anthu onse agwirizana kulitcha ngozi. Tikamabisa dzina la wolakwa timaganiza kuti tikumuchitira chifundo, pamene tikumutsekera khomo la kulapa. Ndimaganiza za wapolisi amene adakokapo mfuti pagulu la ana zaka zapitazo, mwina lero adapuma pantchito, akulima kumudzi, akulera zidzukulu. Kodi amagona bwanji? Alipo amene adamupatsa mpata woti anene zimene adachita?

Makolo adati mlandu suola, koma kwathu kuno timayesetsa kuti uole. Taonani zimene zidachitika patapita zaka 10 chimwalirire Fanikiso. Pa 20 ndi 21 Julaye 2011, pa zionetsero zodandaula za kusowa kwa mafuta a galimoto, ndalama zakunja ndi ulamuliro wa a Bingu wa Mutharika, anthu 20 adafa, ambiri mwa iwo ku Mzuzu. Bungwe lofufuza limene boma lidakhazikitsa lidapeza kuti apolisi adagwiritsa ntchito mphamvu zopyola muyeso. Patangotha miyezi iwiri, pa 24 Sepitembala, Robert Chasowa, wophunzira wa pa Polytechnic, imene lero ikutchedwa MUBAS, adapezeka atafa pasukulupo. Apolisi adafulumira kulengeza kuti adadzipha podziponya kuchokera pamwamba pa nyumba. Mu 2012 bungwe lina lofufuza, lotsogozedwa ndi Justice Andrew Nyirenda, lidapeza kuti mnyamatayo adachita kuphedwa. Mu Febuluwale 2019 Buleya Lule adafera m'chitokosi cha apolisi ku Lilongwe, ndipo a Malawi Human Rights Commission adapeza kuti adazunzidwa. Maboma adasintha, zipani zidasintha, ngakhale dzina la apolisi lidasintha kuchoka pa Force kukhala Service, koma nkhani zikungofanana ngati ana a mimba imodzi. Lamulo la apolisi la mu 2010 lidalonjeza bungwe loima palokha lolandira madandaulo a anthu okhudza apolisi, la Independent Complaints Commission, koma padatenga zaka pafupifupi 10 kuti bungwelo liyambe ntchito. Wapolisi wachinyamata amene akulowa ntchito amaona zonsezi, ndipo amaphunzirapo kanthu kamene sikali m'mabuku a ku Kanjedza: kuti khoswe akakhala pamkhate sapheka.

Nanga zimenezi zikutikhudza bwanji ife a kuseminale, amene tili kuseri kwa mpanda, kutali ndi misewu ya m'tauni? Ambiri a ife, Mulungu akalola, tidzakhala ansembe, ndipo amene sadzafika paguwa adzapita ku makoleji omwewa. Wansembe ndi munthu wachilendo pankhani imeneyi, chifukwa mbali zonse ziwiri zimabwera kwa iye. Mayi wa wophedwa adzabwera kudzapempha Misa ya maliro. Wapolisi naye amakhala pabenchi Lamulungu, amaimba kwaya, amakhala wapampando wa mphakati, ana ake amatumikira paguwa. Palibe wandale, loya kapena mtolankhani amene ali ndi mwayi woyankhula ndi onse awiri monga mbusa wawo. Ngati pakamwa pathu padzangotuluka mawu aja akuti chidali chifuniro cha Mulungu, mayiyo adzabwerera kwawo akuganiza kuti Mulungu ali mbali ya mfuti, ndipo wapolisiyo adzabwerera akuganiza kuti palibe choti alape.

Asilikali atapita kwa Yohane Mbatizi kukafunsa chochita, iye sadawauze kuti avule yunifolomu. Adawauza kuti asalande za anthu moopseza, asanamizire munthu, ndipo akhutire ndi malipiro awo. Adalemekeza ntchito yawo, koma adaiikira malire. Ambuye Yesu nawo, mlonda wina atawamenya khofi pamaso pa mkulu wa ansembe, sadabwezere, komanso sadangokhala chete. Adamufunsa mlondayo kuti aonetse cholakwa chawo, ndipo ngati palibe, anene chifukwa chimene wawamenyera. Adafunsa womenyayo mwini wake, maso ndi maso. M'nthawi yathu ino tili ndi Oscar Romero, Arkiepiskopi wa ku San Salvador. Pa 23 Marichi 1980, mu ulaliki umene udamveka pawailesi, adayankhula molunjika kwa asilikali ndi apolisi a dziko lake, kuwakumbutsa kuti anthu amene akuwaphawo ndi abale awo, ndi kuti palibe msilikali wokakamizidwa kumvera lamulo lotsutsana ndi lamulo la Mulungu. M'mawa mwake, pa 24 Marichi, adamuombera akuchita Misa m'katchalitchi ka pachipatala. Papa Fransisko adamulengeza kukhala woyera mu Okotobala 2018. Romero sadali wodana ndi asilikali. Adawatenga ngati akhristu okhala ndi chikumbumtima, osati ngati zida zongogwiritsidwa ntchito, ndipo ulemu woposa umenewu sindikuudziwa.

Pamenepa ife aseminale ndi apolisi tikufanana pang'ono, ngakhale anzanga aseka. Tonse timadzuka ndi belu, timayenda pamzere, timaphunzitsidwa kumvera popanda kuwiringula. Kumvera n'kwabwino, ndipo nyumba ngati yathu ino singayende popanda iko. Koma abambo otiphunzitsa amatikumbutsanso za Petulo ndi atumwi pamaso pa bwalo la akulu, pamene adasankha kumvera Mulungu koposa anthu. Wapolisi wachikhristu ayenera kumva zimenezi kutchalitchi kwake nthawi ya mtendere, pamene mitu ili yozizira, chifukwa pa tsiku la chipwirikiti, utsi uli m'maso, bwana akufuula, sipakhala nthawi yophunzira Katekisimu. Ayenera kudziwiratu kuti mawu akuti "ndidangolamulidwa" sachotsa tchimo, ndi kuti kuchitira umboni woona za mnzake amene waombera munthu wopanda chida si kupereka mnzake, koma kusunga lamulo lachisanu ndi chitatu.

Tsono ndili ndi mapempho kwa abambo athu ansembe, ndipo ndikupempha modzichepetsa monga mwana. Inu amene maparishi anu ali ndi malayini a apolisi, kayendereni mabanja amenewa, ndipo nkhani ya mfuti ndi chikumbumtima muzikamba nawo poyera, osadikira maliro. Makomiti a Chilungamo ndi Mtendere a m'maparishi azithandiza mabanja osauka kulemba madandaulo awo ndi kuwafikitsa ku bungwe lija, chifukwa mayi wakumudzi sangadziwe khomo loyambira, ndipo ambiri amangosiya poopa kuti wolandira dandaulo ndi mnzake wa wodandaulidwa. Ndipo kwa Bambo Mkulu wa seminale yathu, pempho langa ndi laling'ono. Mwezi wa Novembala timalemba mayina a akufa athu n'kuwaika paguwa. Chaka chino pakhale pepala limodzi lowonjezera, ndipo mayina ake awerengedwe mokweza pa Misa: Fanikiso Phiri, Evison Matafale, Epiphania Bonjesi, Robert Chasowa, Buleya Lule, anthu 20 a mu Julaye 2011, ndi Usumani Imedi. Amene akuwerenga atchule ndi chaka ndi malo amene aliyense adafera, kuti a Folomu 1 akatuluka m'tchalitchi akhale ndi chofunsa aphunzitsi a Histore.